Ndithandizeni: ndikufuna kuletsa anthu ena ma app pa Teams osatsekera ofesi yonse

WaIT_Watsopano analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikuwerenga zomwe mumakambirana kwa nthawi ndithu koma kulemba ndi koyamba lero, nde mundipirire ngati nditalikitse nkhani.

Ndili ndi miyezi isanu chiyambireni kuyang'anira za makompyuta pa ofesi pathu, tilipo anthu ngati 80 ndipo zonse timapangira pa Microsoft Teams, macheza a ntchito, ma miting'i, kutumizirana mafayilo, chilichonse. Amene analipo ine ndisanabwere anasiya makomo onse ali pululu, aliyense amangodina pa Apps paja n'kuika chomwe chamusangalatsa. Nditalowa pa Teams admin center kuti ndione bwinobwino ndinapeza ma app oti ngakhale mayina ake sindinawamvepo, ena a mavoti, ena okumbutsa masiku obadwa, ena olemba manotsi, ndipo palibe angandiuze kuti anawaika ndani komanso liti.

Chomwe chandidzutsa ndi ichi. Lachiwiri lapitali mabwana anali ndi miting'i yokambirana za malipiro komanso za anthu awiri omwe kontrakiti yawo ikutha. Mkati mwa miting'i munalowa ka bot, ka pulogalamu kodziyendera kokha, kolemba manotsi, kanangokhala phee pa mndandanda wa anthu, palibe anafunsa poti aliyense amaganiza kuti ndine ndakaika. Miting'i itatha, pasanathe mphindi khumi, imelo inapita kwa onse omwe anali pa invite ili ndi chidule cha zonse zomwe zinayankhulidwa, mayina ndi ndalama zomwe. Pa invite paja panali mayi wina yemwe anaikidwapo poyamba kenaka n'kuuzidwa pakamwa kuti asabwere koma osamuchotsa, ndipo mayiyo ndi mmodzi mwa awiri aja. Analowa mu ofesi mwanga foni ili m'manja, sanayankhule kanthu, anangondilozera sikirini manja akunjenjemera. Mpaka lero ndikaganiza nkhope yawo mtima umandiwawa, munthu samayenera kumva za ntchito yake mwanjira imene ija.

Tsiku lomwelo ndinapita pa Manage apps, ndinasaka dzina la app ija n'kuibuloka. Koma Lachinayi ka bot kaja kanalowanso mu miting'i ina ngati palibe chomwe ndachita. Nde ndasokonezeka, kodi kubuloka kuja kumagwira ntchito pati?

Funso langa lenileni lili pawiri. Pali app ina yochokera ku kampani yakunja yomwe a ku accounts amaifunadi, anthu asanu ndi atatu okha, ndipo ndikufuna iwo okhawo aziiona, ena onse ayi. Ndingapange bwanji zimenezi osachita kudina dzina limodzilimodzi? Chachiwiri, abwana akuti ndingotseka ma third-party apps onse, ndiye kuti ma app opangidwa ndi makampani ena osati Microsoft, mawa m'mawa nkhani ithe. Ine mtima ukukana pang'ono koma ndilibe mfundo zoti ndiwayankhe nazo. Amene munadutsamo kale mundiuze chonde.

Mkulu_wa_maseva anayankha:

Pepani achimwene ndi zomwe zachitikazo, si zophweka. Za bot zija ndisiyira ena chifukwa ndikukaika ngati inalowera khomo la Teams apps, ine ndiyankhe za a accounts zija.

Choyamba muone kaye kuti tenant yanu, ndiye kuti akaunti yonse ya ofesi yanu ku Microsoft 365, ili pa dongosolo liti poti pali awiri ndipo anthu ambiri amasochera pomwepa, amawerenga malangizo a dongosolo lakale pomwe iwo ali pa latsopano. Lakale ndi la app permission policies. Mukapita pa Teams apps n'kuona kuti Permission policies ikutsegukabe ndipo mukutha kusintha, muli pa lakale. Pamenepo pali policy imodzi yotchedwa Global, Org-wide default, imeneyo imagwira aliyense amene simunamupatse policy ina. Mkati mwa policy iliyonse ma app anawagawa patatu, a Microsoft, a third-party ndi a custom omwe ndi opangidwa ndi ofesi yanu, ndipo pa gawo lililonse mumasankha chimodzi mwa zinayi, kulola onse, kulola omwe mwasankha n'kutseka ena onse, kutseka omwe mwasankha n'kulola ena onse, kapena kutseka onse. Nde mumapanga Global kukhala yothina, kenaka policy yachiwiri, muitche Accounts kaya dzina lina, yomwe ili ndi zonse za mu Global kuonjezerapo app yawo ija. Muonetsetse mawu oti zonse za mu Globalwo, chifukwa munthu amakhala ndi permission policy imodzi yokha, ma policy saphatikizana, mukamupatsa ya Accounts ya Global ija imamusiya. Ndinaonapo munthu atapanga policy ya app imodzi yokha n'kuipereka kwa dipatimenti yonse, m'mawa mwake anthu ma app ena onse atawasowa.

Vuto la dongosolo lakale ndi loti permission policy simungaipereke kwa group mwachindunji ngati mmene zimakhalira ndi ma policy ena, mumapereka kwa munthu mmodzimmodzi. Anthu asanu ndi atatu si ambiri, pa Users paja muwachonga onse n'kusintha kamodzi. Akanakhala mazana bwenzi tikukamba za PowerShell, Grant-CsTeamsAppPermissionPolicy, kapena batch assignment yomwe imatenga anthu mpaka 5000 ulendo umodzi. Koma wina akalembedwa ntchito ku accounts mwezi wa mawa muyenera kukumbukira nokha kumupatsa.

Latsopano ndi app centric management, lomwe ma tenant akhala akusamukirako kuyambira cha mu 2024. Ili ndiye losavuta pa funso lanu. Mumatsegula app yeniyeniyo pa Manage apps, pa Users and groups, n'kusankha kuti izipezeka kwa ndani, Everyone, Specific users or groups, kapena No one. Mupange security group ya a accounts, muiike pamenepo, basi mwamaliza. Wolowa mu group app waipeza, wotuluka yamuchoka. Mukasamuka ma permission policy aja sagwiranso ntchito ndipo palibe kubwerera, nde ngati simunasamuke musathamange, yambani mwalemba zomwe zilipo panopa.

Zina ziwiri zomwe zimapusitsa anthu. Setup policies si zoletsera, ntchito yake ndi kupina ma app pambali paja ndi kuikiratu ena kwa anthu, kuchotsa app pa pin sikutanthauza kuti mwaitseka, munthu akaisaka aipeza. Chokhacho chofunika kwambiri m'menemo pa nkhani yanu ndi batani la Upload custom apps, limenelo lizimitseni kwa aliyense kupatula omwe amapanga ma app. China ndi choti pa dongosolo lakale app ikakhala Blocked pa Manage apps, kapena mwazimitsa third-party apps pa Org-wide app settings, ndiye kuti yatsekedwa kwa onse olo policy ya munthu itanena kuti ndi yololedwa. Choncho abwana anu akati tsekani batani lalikulu lija, dziwani kuti ngati muli pa dongosolo lakale a accounts nawonso alowa m'madzi, palibe policy ingawapulumutse.

Ndipo mukasintha chinthu musayese pompopompo n'kuganiza kuti zakanika, zimatenga maola angapo pena mpaka 24 kuti zifike kwa aliyense. Khalani ndi akaunti imodzi yoyesera yopanda u admin, muzilowa nayo pa bulawuza kuti muziona zomwe wogwira ntchito wamba akuona.

Mlonda_wa_Data anayankha:

Akulu afotokoza bwino za ma policy, ine ndikhale pa bot ija chifukwa pamenepo ndi pomwe pali moto weniweni ndipo mukangotseka ma app pa Teams n'kumagona, idzalowanso sabata ya mawa.

Ma bot ambiri olemba manotsi salowa ngati app ya pa Teams ayi. Zimayenda chonchi, wina pa ofesi panu anapita pa webusaiti yawo, anaona batani la Sign in with Microsoft, anadina ndi akaunti ya kuntchito, kunabwera kabokosi kopempha chilolezo kuti app iwerenge kalendala yake ndi zina, iye osawerenga anangodina Accept. Kuyambira pamenepo seva ya anthu aja ikuwerenga kalendala yake usana ndi usiku, ikaona miting'i ili ndi linki imatumiza bot kukalowa ngati mlendo wamba, ngati mmene angalowere munthu wakunja amene mwamutumizira linki. Mayina a onse omwe ali pa invite imawatenganso mu kalendala momwemo, n'chifukwa chake imelo inafika kwa mayi aja olo sanalowe mu miting'i. Nde app yomwe munabuloka pa Manage apps ija ndi khomo lina, wakubayo akudzera pa windo.

Pitani pa Microsoft Entra admin center, ija inkatchedwa Azure AD asanaisinthe dzina mu 2023. Pa Enterprise applications sakani dzina la app ija. Mukaipeza tsegulani Permissions, muone mbali ya User consent, ikuonetsani zilolezo zomwe zinaperekedwa komanso anthu omwe anavomera. Mupeza zinthu ngati Calendars.Read ndi offline_access, chachiwiricho ndi chomwe chimailola kupitiriza kuwerenga munthu atatseka kompyuta n'kupita kwawo. Pa Properties sinthani Enabled for users to sign-in ikhale No. Ine ndimakonda kuzimitsa chonchi kusiyana ndi kuifufuta, chifukwa mukaifufuta pomwe anthu akadali ndi ufulu wovomera okha, wina akadinanso Accept imabwereranso ngati yatsopano. Kenaka muchotse zilolezo zomwe zinaperekedwa kale zija.

Mukatero mutseke gwero. Pomwepo pa Enterprise applications pali Consent and permissions, User consent settings. Mutha kusankha Do not allow user consent kuti wina aliyense asavomere yekha, kapena kulola ma app a verified publishers okha pa zilolezo zing'onozing'ono zomwe inu mwasankha, monga User.Read yongodziwa dzina ndi imelo ya munthu. Kwa ofesi ya anthu 80 yomwe yangopsa kumene ine ndingatseke kaye zonse. Koma musasiye pomwepo, yatsani admin consent workflow, kuti munthu akakumana ndi chitseko chotseka azipeza bokosi lolembamo chifukwa chomwe akufunira app, pempho lizibwera kwa inu. Ndipo chonde mvetsani ichi poti ambiri amachiphonya, kusintha setingi imeneyi sikuchotsa zilolezo zomwe anthu anapereka kale. Zakale zija muyenera kuziunika nokha imodziimodzi. Muyambe ndi zomwe zili ndi Mail.Read, Files.Read.All ndi zonse zothera ReadWrite, zimenezo ndiye zoopsa.

Pa app ya a accounts ija, ngati nayonso amalowa ndi akaunti ya kuntchito, pa Properties pake pali Assignment required, muike Yes n'kuikapo anthu awo okha. Mukatero mwatseka mbali zonse ziwiri, pa Teams komanso pa webusaiti.

Chatsala ndi chitseko cha miting'i. Bot itha kubwerabe kudzera kwa munthu wakunja amene mwamuitana, poti kalendala yake inu simuilamulira. Pa Meeting policies onani Who can bypass the lobby, muike anthu a mu ofesi mwanu okha, alendo azidikira mu lobby, malo odikirira munthu asanalowetsedwe mu miting'i.  Kutsekeratu anonymous join kumathekanso koma ganizirani kaye ngati mumakumana ndi makasitomala omwe alibe akaunti. Ndipo muwauze mabwana anu maso ndi maso kuti dzina lomwe sakulidziwa likaoneka mu lobby asalilowetse, likalowa kale alichotse asanayambe kuyankhula. Lobby ilibe ntchito ngati wotsogolera miting'i amangodina Admit all.

Mayi_wa_maRisiti anayankha:

Ine si wa IT, ndimagwira ku accounts, ndalowa nkhani ino poti mwatitchula. Achimwene mwafunsa mfundo zoti muwayankhe nazo abwana anu pa zotseka zonse mawa m'mawa, ndikupatsani zomwe ndinaziona ndi maso anga.

Komwe ndinkagwira kale zinachitika ndendende. Kunachitika vuto lina la chitetezo, sitinauzidwe n'komwe kuti linali lotani, Lolemba tikufika tinapeza ma tab athu mu channel sakutseguka. Inali sabata yotseka mwezi. Ife tinali ndi app yomwe anthu amajambulira ma risiti n'kutumiza kuti manejala avomereze, zonse zinkadutsa mmenemo. Tinalemba imelo kwa a IT, yankho linali la mzere umodzi, akuti ndi lamulo latsopano. Palibe anatifunsa kuti mumagwiritsa ntchito chiyani, palibe anatiuza kuti tipemphe kwa ndani. Koma mwezi umayenera kutsekedwa basi, anthu amayenera kubwezeredwa ndalama zawo. Nde mukudziwa chomwe tinachita? Mnzanga anatsegula gulu pa WhatsApp, ma risiti anayamba kuyenda m'mafoni a anthu, manambala a akaunti za ku banki, ma siginecha a mabwana, zonse. Ena amatumiza ma spreadsheet ku imelo zawo za kunyumba kuti akamalizire usiku. Patapita miyezi itatu mmodzi anasiya ntchito mosagwirizana bwino, anapita ndi foni yake zithunzi zonse zili momwemo ndipo panalibe amene akanamuuza kuti afufute. A IT aja pa sikirini pawo zonse zimaoneka zobiriwira, amaganiza kuti ateteza kampani.

Sindikunena kuti musatseke. Zomwe zawachitikira mayi aja zandikhudza kwambiri ndipo bot imeneyo itsekeni lero lomwe osadikira aliyense. Koma zinazo tipatseniko ulemu pang'ono. Tiuzeni kukadali sabata imodzi kapena ziwiri kuti tsiku lakuti zinthu zisintha. Yendani m'madipatimenti, khalani pa desiki ya munthu mphindi khumi muone zomwe amadina tsiku lililonse, mudabwa kuti ka app komwe inu mukukaona ngati kachabechabe ndi komwe kakuyendetsa ntchito ya anthu asanu. Ndipo chachikulu, tikapempha app muziyankha. Olo yankho likhale ayi, koma libwere mkati mwa masiku awiri atatu ndi chifukwa chake, komanso mutiuze kuti m'malo mwake tigwiritse ntchito chiyani. Munthu amene wadikira masabata atatu osayankhidwa sapemphanso, amangopeza njira yake, ndipo njira yakeyo inu simudzaiona.

Amene anaika bot ujanso musamuchititse manyazi pagulu. Ndikukhulupirira amangofuna kusiya kulemba ma minitsi pamanja, sanadziwe kuti izitsatira miting'i iliyonse. Mukamukalipira pamaso pa anthu, ena onse omwe anadinapo Accept penapake abisala.

Mkulu_wa_maseva anayankha:

Mayi anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kuti simukuyenera kuyenda m'madesiki muli chimanjamanja, pa admin center pomwepo pa Analytics & reports pali lipoti ya app usage, musankhe masiku 90 muone ma app omwe anthu akugwiritsadi ntchito ndi kuchuluka kwawo. Omwe ali pa ziro atsekeni opanda mantha. Otsalawo ndi omwe mupite nawo kwa anthu.

Wa_Slack_ndi_Google anayankha:

Kwa ena omwe awerenge izi koma sali pa Teams, nkhani ndi yomweyi mayina okha ndi osiyana. Ife tili pa Slack, kumeneko owner wa workspace amayatsa zoti ma app azivomerezedwa kaye, ndiye munthu akafuna kuika app m'malo mwa batani loika amapeza lopempha, pempho limapita kwa omwe asankhidwa kuyang'anira ma app. Amene akuvomereza aziwerenga ma scope, ndiye kuti zilolezo zomwe app ikupempha, poti app yongotumiza uthenga mu channel imodzi ndi yosiyana kutalitali ndi yomwe ikupempha kuwerenga history ya ma channel ndi mafayilo. Pa pulani yaulere Slack imalola ma app khumi okha nde kumeneko vuto limachepa lokha, limakula mukayamba kulipira.

Pa Google Workspace kulinso makomo awiri ngati omwe anena a Mlonda. Loyamba ndi Marketplace, admin amasankha kuti anthu aziika ma app omwe ali pa allowlist okha ndipo zimatheka kusiyanitsa potengera organizational unit kapena group. Lachiwiri lili ku Security pa API controls, komwe app iliyonse yomwe anthu analowa nayo ndi Sign in with Google mumaiika Trusted, Limited kapena Blocked. Ambiri amatseka loyamba lokha.

WaIT_Watsopano anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwandichotsa mu mdima. A Mlonda munalasa penipeni. Ndalowa pa Entra usiku watha ndipo app ija ndaipeza ili ndi anthu 11 omwe anavomera, ine ndimaganiza ndi mmodzi. Zikuoneka kuti imelo ya chidule ija imakhala ndi linki yoti uone manotsi onse, ukadina imakupempha kulowa ndi akaunti yako, nde aliyense wofuna kuwerenga amavomera naye osadziwa kuti bot yayamba kutsatanso kalendala yake. Mmodzi mwa 11 aja ndi abwana omwe amene akuti nditseke zonse. Ndawaonetsa pa sikirini mwakachetechete tili awiri, anakhala chete kanthawi kenaka anati chitani mmene mukuonera koma mundipatse pulani pofika Lachisanu.

Ndazimitsa sign-in ya app ija, ndachotsa zilolezo, user consent ndatseka ndipo admin consent workflow ndayatsa, mapempho azibwera kwa ine ndi mnzanga mmodzi kuti ndikadwala zinthu zisaime. Tenant yathu ndapeza kuti inasamuka kale ili pa app centric management, nde group ya accounts ndapanga ndipo ndi akaunti yoyesera ija app yawo yasiya kuoneka m'mawa uno. Lipoti ya masiku 90 yandionetsa kuti ma third-party omwe anthu amagwiritsadi ntchito safika olo khumi. Mayi a ma risiti, uthenga wanu ndawawerengera abwana wonse osadumpha, ndi umene wawatembenuza, tagwirizana masabata awiri ochenjeza anthu.

Mafunso ena atatu ang'onoang'ono. Tili ndi ma guest angapo ochokera ku makampani omwe timagwira nawo ntchito, kodi iwo zimenezi zikuwakhudza bwanji? Chachiwiri abwana akufunanso kuti anthu ena asamapange ma fomu pa Forms poti wina anasonkhanitsa ma adiresi a antchito popanda chilolezo, ndingoibuloka pa Manage apps? Chomaliza, manotsi a miting'i ija omwe ali kale kwa eni app aja ndingawachotse bwanji, poti zimenezi ndiye zikundisowetsa tulo.

Mkulu_wa_maseva anayankha:

Mwagwira ntchito achimwene. Za ma guest, pa dongosolo lomwe mulilo app yomwe mwaiika Everyone imafikanso kwa iwo, yomwe mwaiika Specific users or groups imafika kwa omwe ali mu group mokha, nde onetsetsani kuti mu group ya accounts mulibe mlendo. Ngati munagwiritsa ntchito group ya team yomwe inalipo kale, itseguleni muwerenge mayina, nthawi zambiri mumapezeka auditor wakunja yemwe anaikidwa chaka chatha n'kuiwalika. Pa chifukwa chimenechi ine ndimapanga security group yapadera yomwe owner wa team sangawonjezeremo munthu payekha.

Ma owner a ma team nawonso ali ndi mphamvu zawo zomwe ambiri sazidziwa. Pa Manage team, Settings, Member permissions pali bokosi lolola ma member kuika ndi kuchotsa ma app, ena a ma tab ndi zina. Pa ma team osunga zinsinsi ngati la mabwana ndi la HR auzeni ma owner achotse chizindikiro pamenepo. Sizilowa m'malo mwa zomwe mwapanga pa admin center koma zimathandiza kuti mu team imeneyo musamangomera zinthu.

Za Forms, kuibuloka pa Teams kumangoichotsa mu Teams, munthu akatsegula bulawuza n'kupita pa webusaiti ya Forms alowa bwinobwino. Chimodzimodzi Planner ndi ena a Microsoft. Amenewa amatsekedwa pa laisensi, pa Microsoft 365 admin center mutsegule munthuyo, Licenses and apps, muchotse chizindikiro pa Forms. Koma ganizani kaye kawiri, ma poll a mu miting'i amadalira Forms yomweyo, ndipo vuto mwafotokozali ndi la munthu mmodzi amene sanauzidwe malamulo, mwina kukhala naye pansi kungakwane.

Mlonda_wa_Data anayankha:

Za manotsi omwe ali kale kunja, kuzimitsa app ku mbali yanu sikufufuta kanthu ku seva zawo, mawu ojambulidwa ndi zolembedwa zikadali komweko. Poti mwazimitsa sign-in anthu 11 aja sangathenso kulowa kuti afufute okha, nde pali njira ziwiri. Mutha kuyatsanso sign-in kwa ola limodzi muli mutaika Assignment required pa anthu 11 okhawo komanso inu ngati admin mutavomereza app kwakanthawi poti user consent munatseka, mukhale ndi aliyense pa kompyuta yake, afufute ma miting'i onse kenaka atseke akaunti yake ya kumeneko, mukamaliza muzimitsenso. Muyambe ndi amene bot inalowa m'dzina lake Lachiwiri lija chifukwa kopi yeniyeni ili mu akaunti yake, ndipo musanafufute muone pa sharing kuti linki inapita kwa ndani ndi ndani, mulembe mayinawo. Njira ina ndi kulembera eni app kudzera pa adiresi yomwe ili mu privacy policy yawo, kupempha kuti afufute zonse za domain yanu ndipo akuyankheni molemba. Ine ndingapange zonse ziwiri.

Imelo ya chidule ija ili m'mabokosi a anthu a mu ofesi mwanu ingathe kuchotsedwa kudzera pa Purview, chida cha Microsoft chomwe admin amasakira ma imelo a ofesi yonse, ndi content search, koma musaichite nokha mwakachetechete. A HR ndi abwana avomereze kaye molemba ndipo kopi imodzi isungidwe, chifukwa mayi aja ali ndi ufulu wodandaula ndipo imeloyo ndi umboni wawo.

WaIT_Watsopano anayankha:

Zamveka akulu, imelo sindiikhudza mpaka a HR anene. Mu group ya accounts ndapezamo guest mmodzi ngati mmene munanenera, ndapanga ina yatsopano. Anthu 11 aja ndawaitana mmodzimmodzi kuyambira mawa 9 koloko, asanu avomera kale.